Mantha Amafuna Nthawi

Kuseri kwa mpanda wawaya ku Ohio,
m'Febuluwale, paki ili chitsekere,
tinaima anayi m'chipale chofewa
kusuzumira zitsulo zobiriwira
zimene malole anatula dzana.
Sitima yatsopano yamlengalenga
inali idakali zidutswa, manambala pamsana,
ngati nthiti za chinyama chisanabadwe.

Marguerite anayala pulani pa boneti,
naitsinjiriza ndi fulasiki kuopa mphepo.
"Taonani apa. Palibe chitunda chokwera.
Maginito basi.
Ukhala pansi, upuma kamodzi,
masekondi awiri, fyuu!
Misozi ikuthawira kumakutu
dzina lako latsala pa siteshoni."

Dashiell, amene amalemba m'kabuku
sitima iliyonse imene anakwerapo,
mazana anayi ndi zisanu ndi ziwiri,
ndipo amatiuza tisanamufunse,
anaipidwa ndi zomangira.
"Zapamapewa! Anawapempha ndani?
Chitsulo chimodzi pantchafu n'chokwana.
Thupi linyamuke pampando,
chiwindi chikagogode kukhosi.
Mukandimanga ngati phukusi la papositi
ndalipiriranji?"

Ine dandaulo langa linali penti.
Kubiriwira kotere n'kwa mankhwala otsukira mano.
Palibe anandiyankha.

Lemuel anali duu, akupondaponda
kuti zala zakuphazi zisafe.
Pamalo pomwepa panali ya matabwa,
yonunkha girisi ndi mvula,
yosiya mikwingwirima m'mawondo,
imene anaigwetsa nyengo yotentha itatha.
Iye anapempha msomali umodzi; ali nawo m'thumba.

"Mwachotsa tcheni," anatero potsiriza.
"Mwachotsa kukwera.
Gwe. Gwe. Gwe. Gwe.
Mphindi yathunthu uli chagada,
magalimoto pansi akusanduka mabatani,
nsanja ya madzi ikufika m'chiuno,
iwe ukudzifunsa kuti anakutuma ndani.
Mantha amafuna nthawi kuti apse.
Zanuzi n'kudzidzimutsa chabe,
ngakhale galu wakuseri kwa geti amatha.
Ndiye pamwamba paja, tcheni ikaleka kulira,
pamakhala kachete kakang'ono,
kosakwana mpweya umodzi.
M'kachete kameneko ndinagwira dzanja la Odette,
iye n'kundilanda,
n'kukweza manja onse awiri kumwamba.
Zaka makumi anayi sanagwirepo chitsulo."

"Ana a lero sadikira," anatero Marguerite.
"Maola awiri pamzere si kudikira?"
Apa zinavuta.
Wina akuti matabwa ali ndi moyo,
wina akuti moyo wake ndi wothyola khosi,
wina akuwerenga mapindikidwe ndi chala,
asanu ndi limodzi, ayi asanu,
lachinayilo si kuzondoka, n'kupendekeka chabe.
Nthunzi ikutuluka m'kamwa ngati tikupsa mkati.
Chigongono cha Dashiell chinagunda fulasiki,
khofi n'kuyenderera pa pulani,
kumiza khona lachitatu lonse.
Mlonda anatiwalitsira nyali za galimoto,
natizindikira, napita.
Amatidziwa. Chaka chatha tinakangana pompano za mabuleki.

Tikupukuta pepala ndi magolovesi
Lemuel anawerama, magalasi pamphuno.
"Nanga benchi aika pati?"

Tonse tinangoti zii.
Timadziwa za kabatire kali pansi pa khungu
kumanzere kwa chifuwa chake,
ndi dokotala amene anati basi,
zaka zisanu zapitazo.
Kuyambira pamenepo amatisungira zikwama,
ndi makiyi, ndi zipewa,
maso kumwamba, milomo ikuwerenga masekondi.

Marguerite anavula golovesi ndi mano,
natulutsa cholembera,
najambula kabokosi pansi pa khona loyamba.
"Apa. Kukuwa konse kudzadutsa pamutu panu."

"Ayi," anatero Dashiell, "apo dzuwa lidzamuthobwa m'maso.
Kumapeto, pamene amatsika miyendo ili njenjenje."

"Nonse simudziwa kanthu," anatero Lemuel,
nalanda cholembera.
Chipale chinayambanso kugwa,
kukwirira manambala pa zitsulo zija,
ife tidakali pa boneti
kukanganirana benchi.